Chilombo Chikakula Mphamvu, Ndani Amatsala Panja?

  Lero tikamba za magemu, makamaka aja a pa intaneti amene anthu zikwizikwi amasewera nthawi imodzi, wina ali ku Berlin, wina ku London, wina ku Johannesburg, aliyense akuyendetsa msilikali wake pa kompyuta. Otchuka kwambiri ndi World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV, ndipo nkhani zambiri za lero zichokera m'magemu awiri amenewa. Amene simunagwirepo gemu yotere musatseke wailesi, chifukwa mkati mwa nkhaniyi muli anthu, ndi mmene gulu limasankhira woti limutenge ndi woti limusiye.

Mfundo imene tiibwereze kangapo lero ndi iyi: nkhondo ya mu gemu ikamavuta kwambiri, kusiyana kwakung'ono pakati pa mitundu ya asilikali kumakula, mpaka munthu weniweni amene sanalakwe kanthu amakanizidwa malo m'gulu. Igwireni mfundo imeneyi, tiyenda nayo.

Tiyambe ndi mmene magemuwa amayendera. Munthu akalowa koyamba amasankha mtundu wa msilikali wake, umene osewera amautcha class. Pali wankhondo wa lupanga ndi chishango, pali wamatsenga woponya moto, pali mlenje wa uta ndi mivi, pali wansembe wochiritsa anzake. Mwambo umenewu unachokera ku Dungeons & Dragons, masewero a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Poyamba munali mitundu itatu yokha: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Magemu a pa kompyuta anatengera mwambowu, ndipo EverQuest, imene inatuluka mu 1999, inazoloweretsa anthu ambiri kumenya nkhondo m'magulu momwe aliyense ali ndi ntchito yake.

Masiku ano ntchitozo ndi zitatu. Pali tank, amene amaima kutsogolo n'kukopa chilombo kuti chizimenya iye yekha. Pali healer, wochiritsa, amene maso ake amakhala pa moyo wa anzake; moyo wa wina ukatsika, iye amaubwezeretsa. Otsalawo ndi omenya, ndipo ntchito yawo ndi kugwetsa chilombo nthawi isanathe. Okonda mpira amva msanga. Goloboyi samwetsa zigoli, koma palibe timu imene ingalowe m'bwalo popanda iye, ndiye pakati pa goloboyi ndi womwetsa zigoli palibe mkangano. Mkangano umabuka osewera kutsogolo awiri akamalimbirana malo amodzi, onse aluso mofanana, koma mmodzi anapatsidwa nsapato zolemera pang'ono zimene saloledwa kuvula. Pa masewero opimana mphamvu mphunzitsi sangalabadire. Pa fainolo asankha wa nsapato zopepuka.

Mu gemu, kulemera kwa nsapatozo amakulemba ndi anthu a ku kampani. Iwo ndi amene amaika manambala: lupanga ili lipweteke chonchi, moto uwu utenthe chonchi, chilombo ichi chikhale ndi moyo wochuluka chonchi. Akachepetsa mphamvu za mtundu wina osewera amati achita nerf, akawonjezera amati buff.

Wina afunsa kuti, bwanji osangopatsa onse manambala ofanana nkhani ithe? Zikanakhala bwino, koma zilombo sizimenyedwa mofanana. China chimaima malo amodzi, ndipo wa lupanga amachikhapa mosalekeza. China chimauluka kapena kumwaza moto mozungulira, wa lupanga n'kumathawa pamene wa uta akulasabe ali patali. Nkhondo ina imabwera ndi tizilombo tambirimbiri, ina ndi chimodzi chokha. Pamwamba pa izi, asilikali omwewo amamenyananso okhaokha, wosewera kulimbana ndi wosewera mnzake, ndipo mphamvu imene ili yoyenera pa chilombo imatha kukhala yonyanya pa munthu. Ndiye pali luso. Mtundu wina ndi wosavuta kuyendetsa, wina umafuna zala zachangu. Kampani ikaulinganiza moganizira katswiri, wongoyamba kumene amaona kuti ndi wofooka. Ikaulinganiza moganizira wongoyamba, katswiri amasesa nawo aliyense.

Tsopano tibwerere m'mbuyo tione zimene zinachitikadi.

World of Warcraft inatuluka mu Novembala 2004, yopangidwa ndi kampani ya Blizzard ya ku California. Inali ndi mitundu 9 ya asilikali, ndipo osewera anagawidwa mbali ziwiri zodana, Alliance ndi Horde. Paladin ankapezeka ku Alliance kokha, Shaman ku Horde kokha. Izi zinkakometsa nthano ya gemuyo, koma opanga ake zinkawadya mutu, chifukwa chilombo chilichonse chinayenera kutheka kwa mbali imene ili ndi Paladin komanso kwa mbali imene ilibe. Mu 2007 anagonja, napereka mitundu yonse iwiri ku mbali zonse.

Nkhondo zazikulu, zimene amazitcha raid, zinkafuna anthu 40 pa nthawi imodzi. Mmenemo ndi mmene kusalingana kunaonekera poyera. Mitundu ngati Paladin, Shaman ndi Druid inkatha ntchito zingapo: kumenya, kuchiritsa, ina ngakhale kutchinga. Maganizo a nthawi imeneyo anali oti wodziwa ntchito zambiri asapose katswiri wa ntchito imodzi, choncho mitundu imeneyi inkamenya mofooka. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Munthu anasankha Paladin chifukwa anakopeka ndi chinyundo ndi zovala zachitsulo, natha miyezi akumukweza, koma atafika ku raid anauzidwa kuti aime kumbuyo azichiritsa anzake, nthawi zambiri atavala mkanjo wa nsalu chifukwa ndi umene unkathandiza pochiritsa. Ntchito yoima kutsogolo inali ya Warrior pafupifupi nthawi zonse.

Mu 2006 kunabwera raid yotchedwa Naxxramas, ndipo m'menemo munali nkhondo ya okwera pa akavalo anayi, Four Horsemen. Kuti itheke, magulu ambiri ankafuna ma Warrior otchinga okwana 8, onse okhala ndi zida zapamwamba. Gulu wamba linalibe ochuluka chotero. Magulu akuluakulu anayamba kunyengerera ma Warrior a magulu ang'onoang'ono, ndipo gulu likataya otchinga ake linkaima, lina kupasukiratu. Nkhondo imodzi inasintha mtengo wa anthu: wa mtundu uwu aliyense akumufuna, wa mtundu uwo palibe womuitana.

Chaka chomwecho chinabweretsanso nkhani ya C'Thun, chilombo cha diso limodzi lalikulu cha mu raid ya Ahn'Qiraj. Magulu amphamvu kwambiri padziko lonse anachimenya kwa masabata ambiri osachigonjetsa. Mtsogoleri wa gulu lina lotchedwa Elitist Jerks, loya wa ku America dzina lake Ion Hazzikostas, anakhala pansi n'kuwerengetsa, nalemba poyera kuti mmene chilombocho chinapangidwira sichingagonjetsedwe, ngakhale anthu atasewera mopanda cholakwa. Mu Epulo 2006 Blizzard inakonza nkhondoyo, ndipo nthawi yomweyo gulu la ku Ulaya lotchedwa Nihilum linachigwetsa. Loya uja pambuyo pake analembedwa ntchito ku Blizzard komweko, ndipo mu 2016 anakhala mkulu woyang'anira gemu yonse. Amene ankadandaula za manambala ndiye anapatsidwa cholembera.

Mu gemu ina ya ku Japan namo zinafika pa mwana wakana phala. Mu 2008, mu gemu ya Final Fantasy XI ya kampani ya Square Enix, gulu lina linalimbana ndi chilombo chotchedwa Pandemonium Warden kwa maola 18. Silinapambane. Linasiya chifukwa ena mwa osewera anayamba kudwala, ena kusanza, ena kukomoka ndi kutopa. Nkhaniyo itafalikira, kampani inafewetsa chilombocho n'kuika malire akuti nkhondo yake isapitirire maola awiri. Apa palibe choyamikira. Nkhondo imene imayesa kuti thupi la munthu lipirira maola angati pampando siyesa luso lililonse, ndipo kampani inachita bwino kuidula.

Panalinso osewera amene ankalira kuti magemu afewa, akufuna zovuta za kale. Mu 2014 kunatuluka WildStar, yopangidwa ndi kampani imene anaiyambitsa anthu ochokera ku Blizzard, ndipo inalonjeza zimenezo: raid ya anthu 40, ndi mayeso ataliatali oti munthu adutse asanaloledwe n'komwe kulowamo. Walira mvula walira matope. Magulu ambiri analephera kusonkhanitsa anthu 40 aluso chotero, raid ija inachepetsedwa kufika pa anthu 20, ndipo mu Novembala 2018 gemu yonse inatsekedwa. Zifukwa zinalipo zingapo, koma khomo lopapatiza la nkhondo zake linali chimodzi mwa izo.

Omvera, ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za magemu a pa intaneti, ndipo mfundo yathu ndi yakuti nkhondo ikavuta kwambiri, kusiyana kwakung'ono pakati pa asilikali kumatsekera anthu kunja. Taona vuto. Tsopano tione mmene makampani anayesera kulithetsa, ndi mtengo umene analipira.

Mu 2008, mu raid ya Sunwell ya World of Warcraft, Shaman anali ndi mphamvu yofulumizitsa anzake kwa kanthawi, koma inkangogwira anthu asanu a kagulu kake. Magulu anayamba kudzaza raid ndi ma Shaman, ndipo mitundu ina inkakhala pabenchi. Chaka chomwecho ku Blizzard kunafika Greg Street, munthu amene anaphunzira za zamoyo za m'nyanja asanalowe ntchito ya magemu, ndipo osewera ankamudziwa ndi dzina lakuti Ghostcrawler. M'nthawi yake kampani inatsata mfundo yakuti gulu lizitenga munthu chifukwa cha luso lake, osati chifukwa cha mtundu wa msilikali wake. Mphamvu ya Shaman ija inasinthidwa kuti izigwira raid yonse koma isamabwerezedwe pafupipafupi, motero Shaman mmodzi anakhala wokwanira. Pambuyo pake wamatsenga, Mage, anapatsidwanso mphamvu yofanana nayo. Paladin ndi Druid anakhala otchinga enieni, oima kutsogolo ngati Warrior.

Njira yachiwiri inali kugawa nkhondo imodzi m'masitepe. Kuyambira mu 2011 kunabwera sitepe yofewa, imene kompyuta imasonkhanitsa anthu osadziwana n'kuwalowetsa mu raid. Pofika 2014 masitepe anali anayi, ndipo yapamwamba kwambiri, Mythic, inali ya anthu 20. Chilombo ndi chomwecho, nthano ndi yomweyo, koma mayi amene ali ndi ola limodzi ana atagona amatha kuchiona, ndipo katswiri amapeza pomwe angatulukire thukuta. Pamwamba pake pamavutadi: mu 2017 gulu lotchedwa Method linaphedwa maulendo opitirira 600 lisanagwetse chilombo chotchedwa Kil'jaeden, ndipo linali loyamba padziko lonse kutero.

Koma njira zimenezi sizinabwere zaulere. Mitundu yonse ikapatsidwa zida zofanana kuti pasakhale wotsala, imayamba kufanana, ndipo osewera amadandaula kuti kusankha kwataya tanthauzo. Dandaulo limeneli ndi loona. Munthu amasankha mlenje chifukwa akufuna kumva kuti ndi mlenje, osati wamatsenga wonyamula uta. Gemu ina, Guild Wars 2, inayesa njira yolimba mtima mu 2012: inachotseratu wochiritsa wapadera, aliyense azidzisamalira yekha. Patapita zaka zitatu, pamene inabweretsa ma raid ovuta, inabweretsanso msilikali amene ntchito yake yaikulu ndi kuchiritsa. Nkhondo yovuta inaitananso ntchito zija zimene zinathamangitsidwa.

Tifike tsopano pa chitsanzo chimene chikuonetsa mfundo yathu bwino kuposa zonse. Mvetserani mosamala, chifukwa nkhani yonse yagona pa kanambala kakang'ono kwambiri.

Final Fantasy XIV inayamba moipa mu 2010, ndipo Square Enix inaipereka m'manja mwa Naoki Yoshida, amene anaimanganso n'kuitulutsa kachiwiri mu 2013. Mu gemu imeneyi nkhondo zovuta zimamenyedwa ndi anthu 8: otchinga awiri, ochiritsa awiri ndi omenya anayi. Chilombo chimakhala ndi wotchi yake. Gulu likalephera kuchigwetsa nthawi isanakwane, chimakwiya n'kupha onse kamodzi. Anthu angathe kuzemba moto wonse, osalakwitsa phazi ngakhale limodzi, koma ngati kumenya kwawo kwaperewera pang'ono, amafa chilombo chitatsala ndi kamoyo kochepa.

Yoshida anali ataphunzira kale kuwawa kwa wotchi imeneyi. Mu 2015 raid ya Alexander Gordias inaikidwa movuta kwambiri moti magulu ambiri a anthu amene ankasewera limodzi sabata ndi sabata anapasuka. Pa nthawiyo chishango cha Paladin sichinkatchinga matsenga, kumenya kwake kunalinso kochepa, choncho magulu ankakonda otchinga ena. Ma raid otsatira anafewetsedwa, ndipo mu 2017 chishango chija chinapatsidwa mphamvu yotchinga matsenga.

Komabe mu Ogasiti 2022 zinabwereranso. Kunatuluka raid yotchedwa Abyssos, ndipo chilombo chake chomaliza chinali ndi wotchi yothina kwambiri. Magulu anazindikira msanga kuti akatenga otchinga a mtundu wa Dark Knight ndi Gunbreaker amadutsa, koma akatenga Paladin kapena Warrior amaperewera. Kusiyana kwake sikunali kwakukulu, ndipo pa nkhondo ina iliyonse sikukanaoneka. Koma pano anthu anayamba kutsekera mitundu ina malo pofuna anzawo osewera nawo. Munthu amene wakhala Paladin kwa zaka, wodziwa ntchito yake, ankayang'ana mndandanda wa magulu n'kupeza kuti mpando wake ndi wotseka.

Patangotha masabata awiri, mu Seputembala, Yoshida analemba kalata yopepesa. Anafotokoza kuti antchito a kampani amayamba ayesa okha nkhondo iliyonse, kenako amawonjezera moyo wa chilombo pang'ono chifukwa amadziwa kuti akatswiri a kunja amawaposa. Ulendo uno antchitowo anayeserera nthawi yaitali kuposa masiku onse, nafika posewera bwino kwambiri, ndipo kuwonjezera kuja kunapitirira muyezo. Anachepetsa moyo wa chilombocho ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100, nawonjezera mphamvu za Paladin ndi Warrior.

Gawo limodzi pa magawo 100. Pa kwacha 100 ndi kwacha imodzi yokha. Kanthu kochepa chotero kanali kokwanira kuti anthu akanizidwe malo, ndipo kuchotsa kwake kunatsegulanso mipando. Ena mwa amene anali atapambana kale anakwiya, poona ngati thukuta lawo latsika mtengo. Kukwiya kwawo n'komveka, koma Yoshida anachita choyenera. Nkhondo imene imatheka ndi mitundu iwiri ya otchinga mwa inayi imakhala ikuyesa zimene munthu anasankha zaka zapitazo, osati mmene akusewerera lero.

Tibwerezenso: kusiyana kwakung'ono kumakhala kopanda vuto mpaka nkhondo itathina. Ikathina, kumasanduka chitseko.

Tisaike mlandu wonse pa makampani, chifukwa osewera nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo ndiyo tikambe tsopano. Masiku ano nkhondo zambiri zimalembedwa. Pali malo a pa intaneti monga Warcraft Logs ndi FFLogs kumene anthu amaika zotsatira za nkhondo zawo, ndipo aliyense amatha kuona mtundu umene uli pamwamba sabata imeneyo. Magulu otsogola ngati Echo ndi Liquid akamapikisana kuti ndani agwetse chilombo chatsopano poyamba, anthu ambirimbiri amaonera pa intaneti, ndipo amaona mitundu imene akatswiriwo atenga. Mawa lake mtsogoleri wa kagulu wamba, kamene kakumenya nkhondo ya sitepe yapakati, amakana mitundu imene akatswiri anaisiya. Iye sakulimbana ndi wotchi yothina ngati yawo. Gulu lake likufa chifukwa anthu akuima pamoto, osati chifukwa cha mtundu wa msilikali. Koma ndi chapafupi kukana mlendo poyang'ana mtundu wake kusiyana n'kumuyesa.

Mphamvu ya chidziwitso inaoneka bwino mu 2019, pamene Blizzard inatulutsanso World of Warcraft yakale ija pansi pa dzina lakuti Classic. Poyamba paja, chilombo cha moto chotchedwa Ragnaros chinatenga miyezi pafupifupi isanu kuti chigwe. Mu 2019 gulu lotchedwa APES linachigwetsa sabata yoyamba isanathe, ena mwa asilikali awo asanafike n'komwe pa msinkhu womaliza. Chimene chinasintha kwambiri ndi anthu: ankadziwa zonse. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale nkhondozo zinali zitafewa chotero m'manja mwawo, magulu ambiri anadzazabe ma raid awo ndi ma Warrior, chifukwa manambala ankati ndiwo amamenya kwambiri, ndipo Paladin wofuna kumenya ankavutikabe kupeza malo. Apa wotchi yothina sinali ya kampani. Anthu anadziikira okha, pofuna kumaliza msanga kuposa anzawo.

Pali mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri. Nkhondo ikafewa kwambiri, palinso wotsala panja, ndipo kawirikawiri amakhala wochiritsa. Mu 2023 gulu lina linagonjetsa The Omega Protocol, imodzi mwa nkhondo zovuta kwambiri za Final Fantasy XIV, popanda wochiritsa ndi mmodzi yemwe. Mu Juni 2024, gawo latsopano la gemuyo lotchedwa Dawntrail litatsala pang'ono kutuluka, kanema wina anaonetsa anthu anayi akumaliza nkhondo yatsopano popandanso wochiritsa. Ena mwa ochiritsa analengeza sitalaka, kuti asiya ntchitoyo. Dandaulo lawo linali lakuti otchinga anapatsidwa mphamvu zambiri zodzichiritsa okha, zilombo wamba sizipweteka mokwanira, ndipo wochiritsa amatha nthawi yambiri akungodina batani limodzi lomenyera. Opanga gemu anafewetsa ntchitoyo kuti anthu asamaiope, pakuti wochiritsa akalakwitsa gulu lonse limafa ndipo zala zonse zimaloza iye. Cholinga chinali chabwino, koma amene anaikonda ntchitoyo chifukwa cha kulemera kwa udindo wake anamva kuti sakufunikanso.

Timalize ndi mbali imene ikukhudza osewera a kuno kwathu. Makompyuta akuluakulu amene amasunga magemuwa, maseva, ali kutali. A Final Fantasy XIV ali ku Japan, ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo World of Warcraft nayonso ilibe seva mu Africa. Wosewera wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete akadina batani, uthenga wake umayenda pamtunda mpaka kunyanja, n'kudutsa m'zingwe za pansi pa madzi kukafika ku Ulaya, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Kuchedwa kumeneku osewera amakutcha ping. Ndi kanthawi kochepa kosakwana sekondi, koma pa nkhondo imene moto umagwa mwadzidzidzi, iye amaona kuti wazemba pamene seva yalemba kale kuti wapsa.

Kuchedwa kumeneku sikupweteka mitundu yonse mofanana. Mu Final Fantasy XIV mitundu ngati Machinist ndi Ninja imafuna kudina mabatani angapo motsatizana mwachangu, ndipo munthu wa ping yaikulu amataya gawo la mphamvu zake ngakhale zala zake zili zolondola. Square Enix inasintha kachitidwe ka Ninja mu 2019, ndipo kusinthako kunapeputsa vutoli kwa osewera a kutali. Ndiye kuti mitundu iwiri imene ikulingana bwinobwino pa kompyuta ya ku Tokyo imatha kusalingana pa kompyuta ya ku Blantyre. Onjezanipo bandulo imene ingathe pakati pa nkhondo ndi magetsi amene angathime, muona kuti wosewera wa kuno amamenya nkhondo yovuta kuposa imene kampani inalemba. Kwa iye, kusankha mtundu wosafuna changu chonyanya ndi nzeru, osati ulesi, ndipo kuuza gulu zoona za netiweki yake nkhondo isanayambe kumapewetsa mikangano.

Omvera, taganizirani izi pamene tikusiyana. Mutakhala mtsogoleri wa gulu la anthu 8, mpando watsala umodzi, ndipo pabwera anthu awiri: mmodzi ndi mnzanu wa zaka zambiri amene msilikali wake manambala akuti ndi wofooka pang'ono, wina ndi mlendo wa msilikali wamphamvu. Mutenga uti? Nanga yankho lanu lisintha ngati gulu lanu lafa kambirimbiri chilombo chitatsala ndi kamoyo kochepa? Ndipo inu amene mumasewera, nthawi yomaliza imene munakana munthu, munali mutaona mmene amasewerera, kapena munangoona mtundu wa msilikali wake? Kambiranani ndi anzanu a m'gulu musanalowe nkhondo yotsatira.